Chitunda Chimene Galimoto Inkazimirapo

Galimoto ija ndinaigula ndikuona ndi maso angawa, sindinganamizire munthu kuti anandipusitsa. Inali nkhalamba, yoyera kalekale koma tsopano ya mtundu wa fumbi la ku Furancungo, kumene boma linanditumiza kukaphunzitsa. Chitseko cha kumanzere chinkatsekedwa ndi chingwe. Chotsekera tanki ya mafuta panalibe kuyambira tsiku loyamba, ine ndinkangotsekapo ndi kansanza. Koma kuyenda inkayenda. Ukapotokola kiyi inkatsokomola kawiri n'kulira, ndipo inanditenga kuchoka ku Furancungo mpaka kumudzi kwathu, kufupi ndi Ntengo-Wambalame, osandichititsa manyazi panjira.

Ndinabwera pa feriya, tchuthi cha sukulu cha nyengo yozizira, chifukwa cha maso a amayi. Ng'ala inali itaphimba onse awiri, moti ankangodziwa kuti kwacha kapena kwada, basi. Mlongo wanga, amene amakhala nawo, anandiimbira kuti madokotala a maso akubwera ku vila, tauni ya Tsangano, akhala masiku owerengeka, ndipo wowaphonya adikire chaka china. Amayi anali atakana kale maulendo angapo. Ulendo uno anavomera, ndipo tonse tinkadziwa kuti akaphonya sadzavomeranso. Vuto linali lakuti magazi awo ankathamanga kwambiri. Anamwino anati azibwera pafupipafupi kudzayezetsa ndi kulandira mankhwala mpaka atsike, apo ayi madokotala sadzawagwira diso. Ntchito yanga inali imodzi yokha, kuwanyamula.

Amayi maso analibe, koma mphuno ayi ndithu. Tsiku lachiwiri ndili pakhonde anati, "Apulofesolo, mafuta anu akuthawa. Ndikuwamva mpaka kuchipinda." Amanditchula choncho akafuna kundiseka. Kwathu botolo la palafini, chigubu cha thobwa, chilichonse chimene chataya chotsekera timachitseka ndi chitsononkho. Anafufuza ndi manja m'dengu, nasankha chonenepa, nachikulunga m'pulasitiki, namanga ndi mphira, kenaka anati ndichikhomere ndi mwala. Ndinakhomera. Fungo la gazolina linatheratu pabwalo, ndipo ndinawathokoza.

Sabata yomweyo chisanu chinagwa cha mtima bii. M'mawa udzu unkayera mbuu, nkhungu ili tolo mpaka kudimba. Ndipo galimoto inayamba mwano. Ndikapotokola kiyi inkangoti ngwe-ngwe-ngwe, osagwira. Ndinati ndi kuzizira, nanenso m'mawa wa ku Tsangano sindidzuka mokondwa. Koma dzuwa linkakwera, nkhungu n'kuchoka, iyo ikadali ngwe-ngwe-ngwe, amayi ali chikhalire pampando wakutsogolo atavala chitenje chawo cha ku tchalitchi, manja ali pamaondo. Kudekha kwawoko n'kumene kunkandipsetsa mtima kwambiri.

Zimene ndimadziwa za galimoto n'zochepa, koma ndimazidziwa. Injini imafuna moto ndi mafuta. Ndinayatsa nyali, zinawala bwino, ndiye kuti bateriya ili moyo. Ndinamasula vela imodzi, kachitsulo kamene kamathetheka moto m'kati mwa injini, ndinaigunditsa pachitsulo, mlongo wanga n'kupotokola kiyi. Moto unathetheka wobiriwira, wathanzi. Ndiye vuto silinali moto. Ndinathira gazolina pang'ono pakhosi pa kabuleta, posakanizira mafuta ndi mpweya, injini inabangula ngati yakwiya, kenaka zii. Apa ndinadziwa kuti mafuta sakufika. Ndinazula kapaipi kochokera ku tanki, kanali kouma gwa. Ndinayamwa mpaka masaya kuwawa, gazolina n'kundifika m'kamwa, ndinalavula, ndinabwezeretsa kapaipi msangamsanga, ndipo inalira. Tsiku lonse chakudya chinkangomveka gazolina.

M'mawa uliwonse zinali zomwezo. Ndinayamba kuigoneka pa kamtunda ka kuseri kwa tchalitchi kuti tizingoikankha. Masiku oyamba azibambo a m'mudzi ankabwera mosangalala, kuseka, kulamulana. Pofika sabata yachiwiri, ndikangotuluka ndi kiyi m'manja, aliyense ankapezeka kuti walawirira kudimba kukathirira kachewere. Sindikuwada. Nanenso ndikanathawa.

Koma za m'mawazo zinali zazing'ono. Pa msewu wopita ku vila pali chitunda chachitali chokhotakhota. Ulendo woyamba kupita ndi amayi, titafika chapakati pake, galimoto inayamba kudukiza ngati munthu wa befu. Ndinaponda mafuta, osayankha. Inanjenjemera, n'kuzima. Ndinatsika ndikutukwana chamumtima, ndinaika miyala kumatayala, ndinatsegula boneti.

"Tili pati?" anafunsa amayi.

"Pachitunda chachikulu chija."

Anayamba kumasula chingwe cha chitseko. "Ndigwire dzanja. Ndi abambo ako."

Nthawi ya nkhondo tinathawira ku Malawi wapansi, ine ndili wamng'ono woti ndikatopa ankandibereka. Abambo ankadwala chifuwa kale. Anafera pa chitunda chimenechi, dzuwa lili pamutu, ndipo anthu amene tinali nawo anakumba mofulumira ndi khasu limodzi chifukwa palibe ankafuna kuchedwa pamsewu. Panalibe nyimbo, panalibe adzukulu, panalibe kumeta. Amayi ankati panali mtengo wa msuku ndi mwala wong'ambika pakati. Titabwerera nkhondo itatha sanapiteko. Poyamba tinkaopa mabomba okwiriridwa m'mbali mwa misewu, kenaka kunali kulima ndi kutilera, ndipo shapa, minibasi ya kwathu kuno, siima pachitunda chifukwa cha mayi mmodzi. Ankangoti chaka chamawa, mpaka maso anatseka.

Ndinawatsitsa. Anapapasa ndi ndodo mpaka m'mphepete mwa msewu, nagwada pa udzu, nayamba kuomba m'manja pang'onopang'ono, akuyankhula motsitsa mawu ngati munthu amene akuuza mnzake za pakhomo. Amayi ndi mkhristu wa mvano, saphonya Lachinayi, koma izi sanazione ngati zotsutsana. Ine ndinalibe nazo nthawi. Ndinagogoda sefa ya mafuta, ndinayamwanso kapaipi, ndinagwedeza mawaya, kenaka ndinazula chitsononkho chija n'kupisa kamtengo m'tanki kuti ndione ngati mafuta alimo. Analimo ambiri. Ndinakhomeranso. Amayi anadzuka, nasasa maondo.

"Tiye. Atilola."

Ndinapotokola kiyi. Inazungulira pang'ono, n'kulira.

Ulendo wachiwiri, chimodzimodzi, pafupifupi pamalo omwewo. Wachitatu amayi anali atamanga kale ufa pang'ono pa ngodya ya chitenje. Galimoto ikangoyamba kudukiza nkhope yawo inkawala. Iwo kukagwada, ine kuyamwa kapaipi, kugogoda, kupisa kamtengo, iwo n'kubwera kudzati atilola, galimoto n'kulira. Pobwerera sinkavuta, tinkatsika chitunda chonse bwinobwino. Amayi ankati n'chifukwa choti tawapatsa kale moni.

Ine ndimaphunzitsa ana za sayansi. Sindikanalola kuti galimoto indiphunzitse za mizimu. Ndinaipereka kwa mekaniko wa kuseri kwa msika ku vila, bambo wamfupi wosachedwa kuseka. Anati sefa yatsekeka, tinasintha. Inazima pachitunda. Anati kabuleta yadzaza fumbi la ku Furancungo, anaimasula yonse, naitsuka m'beseni, tizitsulo tili mbwee pa thumba. Inazima pachitunda. Anati ndiye ndi bomba, kachipangizo kamene kamakoka mafuta ku tanki, nachotsa ina pa galimoto yakufa imene nkhuku zinkaikiramo mazira. Inazima pachitunda.

"Epa, apulofesolo," anatero akukanda m'mutu, "mwina amayi akunena zoona. Ine mizimu sindinaiphunzire."

"Amesitiri, musandiwonjezere moto. Zandikwana kale."

Ndinaganiza zoiyesa ndekha, popanda amayi. Ndinanyamuka masana, ndinaima panjira kwa mayi wina wogulitsa gazolina wa m'mabotolo, ndinathira awiri, ndinapitirira. Galimoto inakwera chitunda chonse ikuimba, osatsokomola ngakhale kamodzi. Nditafika pamwamba ndinaima. Ndikunena zoona, ndinachita mantha. Nditawauza amayi anangoti, "Nanga iwe akuimitsirenji? Unali mwana, sukuwadziwa n'komwe."

Kuyambira tsiku limenelo mtendere unandithawa. Ndikakhala pansi ndinkadzuka, ndikadzuka ndinkazungulira galimoto, ndikaizungulira ndinkatsegula boneti n'kungoyang'ana ngati mlendo. Mlongo wanga anati ndikumuzunguza mutu, ndipite ndikakumbe kachewere. Ndinapita, ndinatema mbatata zambiri ndi khasu kuposa zimene ndinatulutsa zamphumphu, mpaka anandilanda khasulo. Amayi ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinkafuna kuona maso awo, a nkhono ndinalibe nawo ntchito.

Kenaka magazi anatsika. Anamwino anati tibwere tsiku lomaliza la madokotala, ndipo tilawire kwenikweni, chifukwa mabenchi akangodzaza amatseka chitseko. Ndinawerengera m'mutu: kuyamwa kapaipi m'mawa, kusaka anthu okankha, kuzima pachitunda, amayi kutsika, kugwada, kucheza ndi amuna awo mosafulumira. Tikanafika chitseko chitatsekedwa. Ndinaganiza za njinga yamoto, koma amayi sangakhale kumbuyo kwa njinga pa msewu umenewo osaona kumene akupita. Ndinaganiza zokagona ku vila dzulo lake, amayi anakana, ati sagona kwa eni ndi maso akhungu, sadziwa kumene kuli chimbudzi. Mutu unaima.

Masana a tsiku loti mawa lake ndi ulendowo ndinalowa pansi pa galimoto. Ndinati mwina m'kapaipi muli chinyalala chimene chimatseka njira galimoto ikapendekeka pokwera. Ndinakazula ku bomba, ndinakaika pakamwa, ndinauzira mwamphamvu kuti chinyalalacho chibwerere m'tanki. Ndinamva kubwebweta m'kati. Ndinauziranso, ndi kuuziranso. Nditangochotsa pakamwa, gazolina anandithira kumaso ngati mwana wokodza m'mwamba. Ndinatuluka ndikukwawa, maso akuyabwa, ndikutukwana mokweza ulendo uno. Ndikusamba kumaso m'beseni m'pamene funso linandigwira. Mpweya umene ndauzirawo wabwereranji? Unayenera kutulukira kwina.

Ndinapita ku tanki, ndinagwedeza chitsononkho pang'onopang'ono, khutu lili pafupi. Chinati fyuu. Maulendo onse aja pachitunda chinkalira chomwecho, koma ine ndinali wotanganidwa ndi kupsa mtima.

Chigubu cha thobwa ukachitseka kwambiri n'kuboola pansi, thobwa limatuluka pang'ono n'kuima, chifukwa palibe polowera mpweya. Tanki nayo imafuna kupuma. Kansanza kanga kaja kankailola kupuma, chitsononkho cha m'pulasitiki chinaitsamwitsa. Bomba inkakoka, kukoka, mpaka pachitunda pamene injini imamwa kwambiri, mphamvu n'kuithera. Kukazizira m'bandakucha mpweya wa m'tanki unkafinyika n'kukokera mafuta onse a m'kapaipi m'mbuyo, n'chifukwa chake m'mawa kankauma. Chimene chinkaidzutsa pachitunda chinali kuzula chitsononkho popisa kamtengo. Tsiku limene ndinapita ndekha ndinali nditachizula panjira pothira mafuta. Ndinakhala pansi pa fumbi n'kuseka ndekha ngati wamisala.

Ndinachotsa pulasitiki, ndinawotcha sipoko ya njinga pamoto, ndinaboola chitsononkho pakati kuchokera uku mpaka uko. Amayi ndinangowauza kuti ndalipeza vuto. Sindinanene kuti linali chitsononkho chawo, ndinaona kuti n'kuwachititsa manyazi pachabe. Anangoti, "Mm."

M'mawa, nkhungu ikadali pansi, ndinapotokola kiyi kamodzi. Inalira. Mlongo wanga anaomba m'manja, ine mtima unali m'malo koyamba m'masabata onse aja. Tinanyamuka. Titayamba kukwera chitunda ndinaona amayi akumasula ngodya ya chitenje, ufa uli m'dzanja, thupi atalipendeketsa kutsogolo kudikira kudukiza kuja. Galimoto inakwera. Ndinaona miyala yanga ija m'mbali mwa msewu, tinaidutsa. Ndinali ndi chimwemwe chachikulu moti sindinaganize china chilichonse. Msewu utayamba kuwongoka pamwamba, amayi anafunsa.

"Sitinafike kwa abambo ako?"

"Tadutsa, amayi."

"Tadutsa bwanji?"

"Galimoto ili bwino tsopano. Tifika nthawi yabwino."

Anafumbata ufa uja. Kenaka anati, "Lero ndi lero limene ndikukagona pansi pa mpeni, ndiye sanandiimitse?"

"Amayi, sanali iwo. Inali tanki, inkasowa mpweya."

"Bwerera."

Magazi anandikwera kumutu. Dzuwa linali litayamba kuboola nkhungu, ndipo panjira tinali titadutsa kale nkhalamba zingapo zotsogozedwa ndi ndodo, zonse zikulowera kumodzi ndi ife. Ndinati tikaima pobwerera, ndikulonjeza. Anati iwo sakalowa m'chipinda chimenecho osatsanzika, ndikafuna ndikawanyamule ngati thumba. Amayi akanena choncho ndiye kuti atha. Potembenukira panalibe, ndinabwerera chambuyo, khosi litapindika, ndikutsika chitunda pang'onopang'ono mpaka pa miyala ija. Ndinazimitsa injini.

Sanamasule chingwe cha chitseko.

"Wazimitsa ndiwe," anatero. "Ndamva kiyi."

"Ndi pomwe paja, amayi. Miyala yanga ndi iyi. Tsikani msanga."

Anakhala chomwecho, ufa uli m'dzanja, nkhope ili kutsogolo. Ine phazi linkangogunda pansi lokha. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinali wokwiya, zonse pamodzi. Patapita kanthawi anatulutsa dzanja pawindo, nakung'unthira ufa uja pamsewu.

"Tiye," anatero.

Tinapeza mabenchi atatsala pang'ono kudzaza. Amayi anakhala kumapeto kwenikweni, ndipo pasanapite nthawi chitseko chinatsekedwa, anthu ena ali panja. Anawachita diso limodzi, lakumanja, ati linalo ulendo wina. Tinagona kwa msuweni wathu ku vila komweko, amayi osadandaulanso za chimbudzi. M'mawa mwake anamwino anamatula thonje. Amayi anaphethira, misozi ikutsika, nayang'ana denga, nayang'ana manja awo, kenaka anandiyang'ana ine nthawi yaitali.

"Apulofesolo, imvi zonsezi mwazitenga kuti?"

Ndinaseka mpaka ndinalira, anthu a pabenchi akutiyang'ana. Anamwino anatipatsa mankhwala odontheza, natichenjeza kuti disolo lisalowe fumbi ndipo lisaone dzuwa lamphamvu.

Pobwerera amayi ankawerenga chilichonse mokweza, mbuzi, malata atsopano, mwana wa sukulu wovala nsapato zosiyana. Titayamba kutsika chitunda anasiya. Ndinaima pa miyala ija osauzidwa. Anatsika okha, ndodo anaisiya m'galimoto. Anaima m'mphepete mwa msewu pamene ankagwada paja, nayang'ana kumtunda, nayang'ana kumunsi. Phiri lonse linali mizere ya kachewere, kuchokera pamsewu mpaka kukhwawa. Panalibe msuku. Panalibe mtengo uliwonse woposa msinkhu wa munthu.

"Si pano," anatero.

Anayenda chokwera, ine ndikuwatsatira ndi chipewa changa kuti ndiwatchinge dzuwa, iwo akuchikankha. Anaima pa mwala wina, nauzungulira. Sunali wong'ambika. Anatsikanso, kupitirira galimoto, mpaka pokhota. Mayi wina amene ankakumba kachewere anabwera kudzatipatsa moni, amayi anamufunsa za msuku ndi mwala. Anati iye anakwatiwira kuno minda ili kale chomwechi, ndipo miyala yambiri anthu anaiphwanya pomanga maziko a nyumba. Lole inadutsa, fumbi lili kobo, ine ndinawaphimba kumutu ndi jekete langa ndikuwachonderera kuti tizipita. Anachotsa jeketelo, nalowa m'munda wa eni, akuyang'ana pansi mzere ndi mzere. Diso lija linali litafiira.

Pomaliza anabwerera okha, naima pafupi ndi galimoto, dzanja lili pa boneti yotentha.

"Iwe," anatero motsitsa, "singazimenso yokha?"

"Ndinaikonza, amayi."

Anagwedeza mutu, nakwera, namanga chingwe cha chitseko. Ndinaliza injini. Anaphimba diso lija ndi chikhatho, ndipo sanachotse dzanjalo mpaka tinafika kunyumba.